Fumbi, Fulashi ndi Magetsi: Zomwe Zimakalambitsa Kompyuta ya Pakhomo

Lachisanu pa 12 Meyi 2017, madokotala ndi anamwino m'zipatala zambiri za ku England anadzidzimuka ataona uthenga wofiira pa makompyuta awo. Uthengawo unkati mafayilo onse atsekedwa, ndipo wofuna kuwaonanso alipire madola 300 m'ndalama ya pa intaneti ya Bitcoin, koma akachedwa masiku atatu mtengo ufika pa madola 600. Zipatala zina zinayamba kubweza maambulansi kuti akatule odwala kwina, ndipo ogwira ntchito anabwerera ku cholembera ndi pepala. Pambuyo pake ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma la Britain, ya National Audit Office, inati maulendo pafupifupi 19,000 okaonana ndi dokotala kapena okachitidwa opaleshoni analephereka. Vayirasi imeneyi, yotchedwa WannaCry, inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Inabwerera m'mbuyo pamene mnyamata wina wa zaka 22, Marcus Hutchins, anaona dzina la webusaiti lobisika m'kati mwake n'kulilembetsa ndi madola osakwana 11, osadziwa kuti akuthimitsa moto wonse.

Chopweteka pa nkhaniyi n'chakuti bowo lomwe vayirasiyo inalowera linali litapezeka kale. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa chigamba chake pa 14 Malichi, pafupifupi miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo chinali chaulere. Makompyuta omwe anagwidwa ndi amene eni ake anali asanachiike.

Kompyuta ya pakhomo, ija yomwe mwana amalemberapo asayimenti, mayi amasungamo mabuku a bizinesi ndipo bambo amaoneramo mpira, imavulala ndi zinthu za mtundu womwewu. Nthawi zambiri sichikhala chiwembu cha akathyali odziwa kwambiri ayi. Chimakhala kantchito ka mphindi khumi komwe kanazengerezedwa kwa miyezi.

Nkhani ya maapudeti, omwe amabweretsa zigamba zotere, ndiye imavuta kuno kwathu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu wagula bandulo yoti imufikitse kumapeto kwa sabata, walumikiza laputopu ku foni, wapita kukapanga tiyi, pobwera wapeza bandulo yonse yapita. Windows yaona intaneti n'kuyamba kudzikokera zake. Zikatero ambiri amafunsa mnzawo wodziwa makompyuta kuti awatsekere maapudeti mpaka kalekale, ndipo kuyambira tsiku limenelo kompyutayo imakhala ndi mabowo omwe mbava za pa intaneti zikuwadziwa kale. Komatu pali njira yapakati. Mu Settings, pa gawo la Network & internet, muli kabatani kolembedwa Metered connection. Kakayatsidwa, Windows imadziwa kuti intaneti iyi ndi yogula pang'onopang'ono, ndipo imasiya kukoka zinthu zikuluzikulu mwakachetechete. Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, mwambo womwe inayamba mu 2003, choncho mwini kompyuta angathe kusankha tsiku limodzi pakati pa mwezi, n'kugula bandulo ya usiku kapena kupita pomwe pali Wi-Fi yodalirika, n'kumaliza zonse kamodzi. Bulawuza, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Edge, nayonso imafuna zomwezo, chifukwa ndiyo khomo lomwe limatseguka tsiku lonse.

Koma chigamba chimabwera pokhapokha ngati wopanga akadali kusoka. Windows XP anaisiya pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 inafika pamapeto pake pa 14 Okutobala 2025, ngakhale kuti Microsoft inapereka mwayi woti olembetsa apitirize kulandira zigamba za chitetezo mpaka Okutobala 2026. Izi zikukhudza anthu ambiri, poti malaputopu ochuluka omwe amagulidwa ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel imayambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe unayamba kutuluka mu 2017. Wogula laputopu ya kaunjika lero ndi bwino afunse za zimenezi asanafunse za mtundu wa chikwama chake. Yemwe ali nayo kale yakale sikuti aitaye: Linux Mint ndi yaulere, imalandira zigamba, ndipo imayenda bwino pa makina omwe Windows 11 imawakana.

Pali msampha wina womwe anthu amaulowa ndi maso ali gwa. Kompyuta ikagulidwa, wogulitsa amaikamo Office, Photoshop ndi zina zodula zonse "mwaulere", atazithyola ndi timapulogalamu tonamiza kuti zinalipiridwa. Kuti timeneti tigwire ntchito, malangizo ake amati uyambe wazimitsa antivayirasi. Munthu woganiza ayenera kuima pomwepo. Mbava zimadziwa kuti anthu amafunafuna zaulerezi, ndiye zimabisamo zida zobera mapasiwedi kapena zogwiritsa ntchito kompyuta ya mwini kukumba ndalama za pa intaneti iye osadziwa, n'kumangodabwa kuti fani ikulira usana ndi usiku. Wofuna kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama popanda kulipira angagwiritse ntchito LibreOffice, yomwe ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Komabe vayirasi yomwe yaliza ophunzira ndi alembi ambiri siidutsa pa intaneti n'komwe. Imayenda m'thumba, pa fulashi. Wophunzira walemba ntchito yake usiku wonse, m'mawa wakapulintitsa pa kashopu ka fotokope pafupi ndi sukulu, pomwe kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu osawerengeka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Atafika kunyumba wapeza mafoda ake onse asanduka zithunzi zokhala ndi kamuvi kakang'ono pakona yam'munsi. Mtima uli phaphapha, wadina kamodzi kuti aone ngati ntchito ija ilimo, ndipo kudinako ndiko kwadzutsa vayirasi n'kuilowetsa mu kompyuta ya pakhomo. Zoona zake n'zakuti mafayilo aja sanafufutike. Vayirasiyo imangowabisa n'kuika mashotikati m'malo mwake. Antivayirasi ikachotsa kachilomboko, mafayilo amabwerera ndi lamulo limodzi lolembedwa mu Command Prompt, lomwe ndi attrib -h -r -s /s /d kenaka chilembo cha fulashiyo ndi nyenyezi, mwachitsanzo E:\*.* ngati fulashi ili pa E. Anthu ambiri afomata mafulashi okhala ndi ntchito ya chaka chathunthu chifukwa chosadziwa zimenezi.

Fulashi si kanthu kopepuka. Vayirasi ya Stuxnet, yomwe inadziwika mu 2010 itaononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, inapangidwa kuti izidutsa pa fulashi pofuna kufika pa makompyuta osalumikizidwa ku intaneti. Pakhomo, chizolowezi chothandiza n'kukhala ndi fulashi imodzi yoyendayenda, yosasungamo kanthu ka mtengo wapatali, ndi kuisikana nthawi iliyonse yabwerako ku ulendo isanatsegulidwe. Ena amangotumiza chikalatacho pa imelo kapena pa WhatsApp kwa mwini shopu, fulashi n'kutsala kunyumba.

Za antivayirasi sizifuna nkhani yaitali. Kuyambira pa Windows 8, Microsoft imaikiratu yake, yomwe lero ikutchedwa Microsoft Defender, ndipo kwa munthu wamba ndi yokwanira malinga ikulandira maapudeti. Kuika awiri kapena atatu nthawi imodzi kumangochedwetsa makina poti amalimbirana fayilo iliyonse. Choopsa kwambiri ndi antivayirasi yoyeserera ya masiku ochepa yomwe inatha kalekale koma chithunzi chake chikadali pakona, mwini wake n'kumaona ngati ali ndi mlonda.

Kompyuta ikayamba kukwawa, mawu omwe amamveka msanga kwa okonza ena ndi akuti, "Bwana, iyi yalowa vayirasi, tingoifomata." Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri vuto limakhala poyera. Mapulogalamu ambiri akamaikidwa amadzilembetsa okha kuti azidzuka limodzi ndi Windows: Teams, Spotify, uTorrent, za pulinta, za foni yomwe inagulitsidwa chaka chatha. Onsewa amakwera nthawi imodzi ngati anthu odzazana mu minibasi anayianayi pampando, kenaka n'kumadabwa kuti ikulephera chitunda. Kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, ndipo pa gawo la Startup pamaoneka mndandanda wonse, pambali pake patalembedwa kuti ndi iti ikulemetsa kwambiri. Kuzimitsa pulogalamu pamenepa sikuichotsa; imangodikira mpaka mwini ataifuna. Pa gawo loyamba la Task Manager yemweyo pamaonekanso chomwe chikudya memore kapena disiki pa nthawiyo, ndipo kawirikawiri imakhala bulawuza yokhala ndi matabu makumi awiri ndi timapulogalamu toonjezera tomwe palibe akukumbuka kuti anatiika ndani.

Pali kachinsinsi kena komwe ngakhale ogwiritsa ntchito makompyuta tsiku lililonse sakadziwa. Kuyambira pa Windows 8, kudina Shut down sikuzimitsa kompyuta kotheratu. Windows imasunga mbali ina ya mmene inalili n'cholinga choti iyake msanga mawa lake, njira yotchedwa Fast Startup, ndipo imasunga pamodzi ndi zovuta zake zomwe. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Kompyuta yomwe ikuchita zachilendo, monga pulinta kusaoneka kapena mawu kusamveka, nthawi zambiri imachira ndi Restart imodzi pa sabata.

Disiki ikadzaza mpaka mzere wake kufiira, Windows imasowa popumira, ndipo ngakhale maapudeti amakana kulowa. Foda ya Downloads ndi ya makanema ndiye zimakhala zodzaza ndi zinthu zoonedwa kale. Windows ili ndi zosesera zakezake, Storage Sense ndi Disk Cleanup, zomwe zimachotsa mafayilo osakhalitsa ndi zinyalala za mu Recycle Bin. Kale anthu ankathera Loweruka lonse akuchita difuragi, ntchito yosanjanso mafayilo pa disiki. Lero Windows imadzichitira yokha sabata iliyonse, ndipo pa disiki yamakono ya SSD difuragi yachikale siifunikanso.

Apa m'pofunika kunena mosabisa za mapulogalamu omwe amalonjeza kuti kompyuta ithamanga kawiri ukangodina batani limodzi. Ambiri amaopseza ndi manambala ofiira a "mavuto" mazanamazana kuti munthu alipire, pomwe Microsoft imanena yokha kuti siivomereza zida zosesera registry, kaundula wa m'kati mwa Windows. Ngakhale odziwika bwino sali pabwino nthawi zonse. Mu 2017 mbava zinalowa m'makina a kampani ya Piriform n'kubisa kachilombo mu CCleaner 5.33, ndipo anthu pafupifupi 2.27 miliyoni anakatenga pa webusaiti yeniyeni ya kampaniyo, akuganiza kuti akusesa kompyuta.

Wokhala ndi ndalama pang'ono yoonongera laputopu yakale angachite bwino kugula SSD. Hadi disiki yachikale ili ndi mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi ndi kamkono koyendayenda kufunafuna fayilo, pomwe SSD ilibe choyenda chilichonse. Makina omwe ankatenga mphindi zingapo kuti ayake amayamba kuyaka pa masekondi ochepa, ndipo saopanso mabampu a pamsewu ali m'chikwama. Memore ya 4 GB, yomwe ndiyo yochepetsetsa kuti Windows 11 ilowe, imathina msanga. 8 GB imapatsa mpata.

Ndiye pali fumbi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mphepo ikamakolopa misewu yadothi ndipo dzuwa likuswa mtengo, fani ya kompyuta imakoka mpweya wonsewo n'kuupititsa m'timipata tazitsulo tomwe timachotsa kutentha. Wokonza akatsegula laputopu yomwe yatha zaka ziwiri osatsukidwa amapeza kachigamba kotuwa, kolimba ngati nsalu, katatseka timipata tonse pakati pa fani ndi potulukira mpweya. Amakanyamula ndi kachitsulo kathunthu osaduka. Nthawi zina mumapezeka nyerere kapena mphemvu zomwe zinatsatira kufunda. Purosesa ikatentha kuyandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo zikapitirira imangothima. N'chifukwa chake kompyuta ina imayamba bwino m'mawa koma pofika masana yayamba kukokakoka. Palibe antivayirasi ingachize zimenezo.

Kuika laputopu pa bedi, pa bulangete kapena pa khushoni la sofa kumatseka mabowo apansi pomwe mpweya umalowera. Tebulo, thabwa ngakhale tireyi yolimba ndi yokwanira. Kamodzi kapena kawiri pa chaka, makina atazimitsidwa ndi kuzulidwa ku magetsi, fumbi lichotsedwe ndi bulowa kapena kabulashi kofewa, fani itagwiridwa kuti isazungulire mopyola muyeso. Pa makina akale, wokonza angathe kusinthanso kaphala komwe kamapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, poti kamauma n'kusweka pakapita zaka. Batire likafufuma mpaka kukankha kiyibodi kapena pamene pamayenda chala, limenelo lisaboledwe kapena kukanikizidwa. Lichotsedwe msanga chifukwa lingathe kuyaka.

Magetsi nawo ali ndi mbali yawo. Kuthima kwadzidzidzi kumadula kompyuta ya patebulo ili pakati polemba fayilo, ndipo ikapezeka ili mkati mwa apudeti, Windows ingakane kuyakanso. Koma nthawi yoopsa kwambiri ndi pobwera, pamene ana akukuwa panja kuti abwera: mphamvu ingathe kulumpha kupyola mavoti 230 omwe zipangizo zimayembekezera, n'kuotcha chaja kapena bokosi la magetsi la m'kati. Magetsi akathima ndi bwino kuzula mapulagi, n'kudikira kamphindi akabwera. Ekisitenshoni wamba ya pamsika imangochulukitsa mabowo, siiteteza. Yoteteza imalembedwa surge protector. Kompyuta ya patebulo imafunanso UPS, yomwe imapereka mphindi zingapo zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Nthawi ya dzinja, mphezi zikayamba, palibe chipangizo cha pakhomo chingalimbane nazo kupatula kuzula pulagi pakhoma.

Zonsezi zimachepetsa ngozi, koma disiki iliyonse imafa tsiku lina, ndipo laputopu imabedwa. Mu 1998, ku kampani ya Pixar ku California, munthu wina analemba lamulo lofufuta pamalo olakwika ndipo mafayilo a filimu ya Toy Story 2 anayamba kusowa anthu akuona. Pomwe ankazula makina ku magetsi n'kuti pafupifupi 90 peresenti itapita. Anathamangira ku matepi osungira, n'kupeza kuti anali atasiya kugwira bwino ntchito popanda wozindikira. Anawapulumutsa ndi Galyn Susman, mmodzi mwa akuluakulu a zaluso, yemwe ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Anaikulunga m'mabulangete n'kuyenda nayo pa galimoto pang'onopang'ono mpaka ku ofesi.

Akatswiri amatsata lamulo la 3-2-1, lomwe analitchukitsa ndi wojambula zithunzi Peter Krogh: makope atatu a chinthu chofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Pakhomo zingatanthauze kompyuta, disiki yapadera, ndi malo a pa intaneti. Google imapereka 15 GB yaulere ndipo OneDrive 5 GB, zomwe sizikwana makanema koma n'zokwanira masatifiketi, zolemba za sukulu, mabuku a bizinesi ndi zithunzi zosabwerezeka za ukwati kapena za agogo omwe anatisiya. Disiki yapaderayo izizulidwa kukopera kukatha, popeza mavayirasi ofuna dipo amatseka chilichonse chomwe apeza cholumikizidwa, ndipo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Nkhani ya Pixar ikusonyezanso kuti kope liyenera kuyesedwa: kamodzi pa miyezi ingapo, fayilo imodzi kapena ziwiri zitsegulidwe kuchokera pa disikiyo kuti zioneke ngati zilidi moyo. Mbava zofuna dipo si za kunja kokha. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowedwa ndi mbava za pa intaneti zomwe zinkafuna dipo, ndipo ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata.

Mbali yotsala ili m'manja mwa yemwe wakhala pa kiyibodi. Mu 2019 bungwe la chitetezo cha pa intaneti ku Britain, la National Cyber Security Centre, litaunika mapasiwedi omwe anabedwapo linapeza kuti 123456 inagwiritsidwa ntchito pa maakaunti 23.2 miliyoni. Bungweli limalangiza kulumikiza mawu atatu osagwirizana, omwe mwini angakumbuke koma wina sangalote. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa, kapena dzina la timu ya mpira, n'zoyamba kuyesedwa. Pasiwedi ya imelo ikhale yakeyake, poti wolowa mu imelo angathe kusintha mapasiwedi a Facebook ndi ena onse, ndipo ikhale ndi chitetezo chachiwiri cha nambala yobwera pa foni. Ambiri okhala ndi foni m'Malawi anaulandirapo uthenga uja wonena kuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi. Pa kompyuta, achinyengo omwewo amabwera ndi imelo yooneka ngati ya banki, kapena chikwangwani chodzaza sikirini chonena kuti makina agwidwa ndipo muimbe nambala yakuti. Uthenga weniweni wa Windows sukhala ndi nambala ya foni. Chikwangwani chotere chimatha bulawuza ikatsekedwa kudzera mu Task Manager.

Pakhomo pomwe ana amagwiritsa ntchito kompyuta yomweyo, ndi bwino kuwatsegulira akaunti yawoyawo ya mtundu wa Standard, yomwe siilola kuika pulogalamu popanda pasiwedi ya mkulu. Masewera ambiri otengedwa pa mawebusaiti achilendo amathera pa khomo limeneli.

Tsiku lopita nayo kwa wokonza likafika, kope la mafayilo litengedwe kaye, maakaunti a imelo ndi a banki atulukidwe mu bulawuza, ndipo wokonzayo auzidwe momveka kuti asafomate asanaimbe foni. Malaputopu ambiri atsopano amatseka disiki yonse ndi BitLocker, ndipo bolodi ikasinthidwa amafunsa kiyi ya manambala 48 yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Kiyi imeneyo ilembedwe papepala makina akadali bwino. Wogulitsa kapena wopatsa m'bale kompyuta yakale asadalire kungofufuta mafoda, chifukwa zofufutidwa mwanjira imeneyo zimabwezeka ndi mapulogalamu aulere. Mu Settings muli Reset this PC, ndipo posankha Remove everything pali poyatsa kuti disiki ipukutidwe kotheratu, ntchito yomwe imatenga maola angapo ndipo imafuna chaja chili pakhoma.